Kalata ya dokotala kwa mwana wochira katsabola asanakwere ndege

Makampani ambiri a ndege salola mwana amene akuoneka ndi zipsera za katsabola kukwera ndege popanda kalata ya dokotala yotsimikiza kuti sangapatsirenso ena matendawa.

Katsabola amayamba ndi kachilombo ka varicella-zoster, ndipo amafala kudzera mu mpweya komanso madzi a m'matuza. Wodwala amayamba kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti matuza atuluke, mpaka onse atauma n'kuchita nkhanambo. Kawirikawiri izi zimatenga masiku pafupifupi 5, koma makampani ena amafuna kuti padutse masiku 6 kapena 7, ndipo ena amawerenga kuyambira tsiku limene thuza lomaliza latuluka. Kusiyana kumeneku n'kumene kumabweza makolo pa bwalo la ndege, matikiti ali m'manja. Ndi bwino kufunsa kampaniyo ulendo usanayandikire.

Kalatayo ilembedwe tsiku la ulendo litayandikira, mwana atapimidwa thupi lonse, ngakhale m'mutu. Ikhale ndi dzina lake monga lilili mu pasipoti, tsiku limene matuza anayamba, siginecha ndi chidindo. Makampani ena amafunanso fomu yawo yotchedwa MEDIF.

Lamuloli limateteza amayi oyembekezera, makanda ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, omwe katsabola angathe kuwadwalitsa mwakayakaya.

Makolo ayeneranso kuyang'anira ana ena a m'banjamo amene sanadwalepo kapena kulandira katemera, chifukwa zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 10 ndi 21 munthu atatenga kachilomboka.