Kachilombo ka m'nkhono kamene kanapusitsa akatswiri

M'chaka cha 1882, Mfalansa wina dzina lake Adrien Certes anaika pa maikulosikopu timadzi ta m'mimba mwa oyisitara, nkhono ya m'nyanja zamchere ya zigoba ziwiri ija. Anaona tamoyo tatalitali topotana tikusambira mwaliwiro, tili ndi kachipsepse kotsata thupi lonse. Iye anagamula kuti tili m'gulu la Trypanosoma, lomwe pambuyo pake linadziwika kuti mulinso kachilombo ka kaodzera, ndipo anatitcha Trypanosoma balbianii.

Analakwitsa, koma sitingamudzudzule kwenikweni. Tamoyoti ndi tatikulu modabwitsa: tina timapitirira mamaikulomita 100 m'litali, pomwe bakiteriya wodziwika uja, E. coli, amangokwana awiri. Ndani akanaganiza kuti chimphona chotere n'bakiteriya?

Zinthu zinatembenuka mu 1905, Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann atapeza ku Berlin bakiteriya wopotana woyambitsa chindoko. Basi chilichonse chopotana chinayamba kukopa maso a akatswiri. Mu 1910, katswiri wina dzina lake Gross, atafufuza nkhono za ku Naples, anakhazikitsa mtundu watsopano wa mabakiteriya, Cristispira, momwe tamoyo ta Certes tija tinaikidwa. Hideyo Noguchi wa ku Japan naye anatifufuza m'nkhono za ku America mu 1921. Mamaikulosikopu amphamvu atabwera, zinaoneka kuti kachipsepse kaja ndi mtolo chabe wa timichira toposa 100 tokutidwa ndi khungu lakunja, ndipo mu 1996 gulu la Bruce Paster linatsimikiza kudzera mu majini kuti tamoyoti ndi tapachibale ndi bakiteriya wa chindoko uja. Koma palibe umboni woti timadwalitsa nkhono kapena munthu woidya.

Chokoma kwambiri pa nkhaniyi ndi pomwe timakhala. M'mimba mwa nkhonoyo muli kandodo kofewa, koonekera mkati, komwe kamazungulira ngati munsi wopera m'mtondo, n'kumasungunuka kunsonga potulutsa timadzi togaya chakudya. M'kandodo m'menemo ndimo Cristispira amadzazana. Mitundu ina ya oyisitara ikangovuulidwa n'kukhalitsa kumtunda, kandodoko kamasungunukiratu, alendo aja n'kuzimirira nako limodzi; ikabwezedwa m'madzi n'kuyambanso kudya, kamapangikanso.

Ndiye wofufuza amachita kuthamanga nayo nkhono ikadali yonyowa. Ndipo ngakhale papita zaka zoposa 140 kuchokera pamene Certes anationa, palibe amene wakwanitsa kuweta Cristispira payekha m'labotale.