Amisiri a Magetsi a Galimoto ndi Matenda Obisala

Pa matenda onse amene amagwira galimoto yokalamba, palibe amene asautsa amisiri chiyambire ntchito yawo monga aja obwera ndi kupita, amene lero aimitsa munthu pakati pa ulendo dzuwa lili paliwombo, koma mawa lake, atavutika kuikoka kufikira pagalaja, galimotoyo nkulira bwinobwino ngati sinadwalepo, mwini wake nkusanduka wabodza pamaso pa anyamata onyamula masipanala. Sipuling'i ikathyoka imaoneka, ndipo tayala likaphulika ngakhale mwana amaloza ndi chala. Koma moto woyenda m'mawaya ulibe maonekedwe, ndipo pamene wadukira sutaya magazi kapena mafuta kuti wofunafuna atsate mapazi ake. Nchifukwa chake pakati pa amakaniko panabadwa fuko lina lapadera, la anthu osalankhulalankhula ndi oyenda mosathamanga, amene timawatcha amisiri a magetsi.

Poyamba fuko limeneli kunalibe, pakuti magalimoto oyambirira analibe mawaya ambiri oti avute munthu. Moto wa kumapulagi unkachokera m'kachipangizo kotchedwa magneto, kamene kampani ya Robert Bosch ya ku Stuttgart inakakonza bwino m'chaka cha 1902, ndipo injini inkadzutsidwa ndi dzanja, munthu ataima kutsogolo ndi kupukusa hendulo. Ntchito imeneyo inali ya amuna amphamvu ndiponso ochenjera, popeza injini ikabweza, hendulo inkatembenuka mwaukali ndi kuthyola mkono; ndipo oyendetsa akale ankaphunzitsana kuti chala chachikulu chisamakulunge hendulo, koma chikhale mbali imodzi ndi zinzake. Munthu amene anachotsa goli limeneli ndi Charles Kettering wa ku Dayton m'dziko la America, amene sitata yake yamagetsi inaikidwa pa galimoto za Cadillac m'chaka cha 1912. Ndipo posakhalitsa Vincent Bendix anapeza nzeru ya kagiya kothamangira kukaluma mano a injini ndi kubwerera kokha injiniyo ikalira. Dziko linakondwera, ndipo linayenera kutero. Komatu walira mvula walira matope: sitata inafuna batire, batire linafuna dayinamo yolidzaza, dayinamo inafuna kabokosi koilamulira, ndipo zonsezi zinafuna mawaya ndi mfundo zolumikizira, mfundo iliyonse ili khomo limene dzimbiri likhoza kulowerapo.

Kuno kwathu, m'masiku a Nyasaland, magalimoto ochuluka ankachokera ku Mangalande: Austin, Morris Minor ndi Land Rover, ziwiri zomalizazi zitatuluka m'chaka cha 1948, pamodzi ndi malole a Bedford amene ananyamula fodya, chimanga ndi anthu. Zamagetsi za ambiri mwa iwo zinkapangidwa ndi kampani ya Joseph Lucas ya ku Birmingham, imene anthu, pochita nthabwala, anaipatsa dzina loti Kalonga wa Mdima, poti nyali zake zinkakonda kuzima pamene zikufunika koposa. Ine ndiyesa kuti dzinalo linaposa mlandu, chifukwa zipangizozo zinali zosavuta kumasula ndi kukonza, ndipo munthu wosamala ankakhala nazo zaka zambiri. Koma nzoona kuti timitu tachitsulo tolumikizira mawaya, tongolowetsana popanda chomangira, sitinapangidwire misewu yathu, imene m'chilimwe inkagwedeza galimoto ngati chimanga m'lichero ndi kuimwaza fumbi lofiira, ndipo m'dzinja inkaimiza m'matope kufikira m'mimba.

Chinthu chimodzi anachita bwino Angerezi, ndicho kupatsa waya uliwonse mtundu wake monga mwa ntchito yake, kotero kuti mmisiri ankawerenga mtolo wa mawaya monga m'busa adziwa ng'ombe zake ndi mawanga: wofiirira ngati dothi ndiwo wochokera kubatire, wokhala ndi moto usana ndi usiku, woyera ukhala ndi moto kiyi akatembenuzidwa, wobiriwira wadzera pafyuzi, wakuda ndiwo wa ethi, wobweza moto kuthupi la galimoto. Panalinso msampha wina, pakuti kufikira cha pakati pa zaka za m'ma 1960 magalimoto ambiri a ku Mangalande ankamangirira mutu wa pozitivi wa batire kuthupi, pamene ambiri a maiko ena ankamangirira wa negetivi. Ndipo wailesi zambiri zinapsa m'manja mwa anyamata amene anaona manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Amisiri oyamba a mtundu wathu sanatuluke m'sukulu. Ena anali asilikali a King's African Rifles amene anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza malole pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nabwera kwawo itatha m'chaka cha 1945. Ena anatola nzeruzo ku Salisbury ndi ku Joni. Enanso anakulira m'magalaja a boma, a kampani ya mabasi, ndi a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Masukulu a ntchito zamanja, monga ya ku Soche, ndi mayeso a Trade Test zinathandiza pambuyo pake, koma ochuluka anapitirirabe kuphunzira pansi pa mtengo ku Ndirande, kumene mnyamata ankatha chaka chathunthu akutsuka zitsulo m'palafini ndi kuperekera masipanala, asanaloledwe kukhudza waya ndi umodzi womwe. Tsiku loyamba kumenyedwa ndi moto wa kupulagi, akulumpha ndi kukuwa, akuluakulu ankangoseka, namuuza kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Zida zawo zinali zochepa mochititsa manyazi: babu lomangiriridwa ku mawaya awiri, kathumba ka sandipepala, kachitsulo koyezera mpata, ndi botolo la galasi loyamwira madzi a batire kuti aone mphamvu yake. Chida chachikulu chinali kufunsa. Mmisiri weniweni sankayamba ndi kutsegula boneti. Ankakhazika mwini galimoto pa benchi ndi kumufunsa monga afunsira mboni pabwalo la mfumu. Kodi imakana m'mawa kapena itayenda? Mvula itagwa kapena kuli ng'amba? Mukatembenuza kiyi, imangoti chete, kapena imati kha kamodzi, kapena imazungulira mwaulesi, kapena imazungulira bwino koma osagwira? Pakuti mayankho anayiwa ndi njira zinayi zosiyana, ndipo wolowa njira yolakwika akhoza kugulitsa mwini wake batire, sitata ndi koyilo zatsopano, nthenda ili chikhalire. Akatha kufunsa ankayatsa nyali zakutsogolo ndi kuuza mwiniyo kuti alize: nyali zikafooka kufikira kufiira, ndiye kuti batire lilibe mphamvu, kapena mitu yake yadyedwa, kapena sitata yagwidwa, koma zikawalabe osaphethira pamene sitata ili duu, ndiye kuti moto sukufikako konse, ndipo mlandu uli pa kiyi, pa solenoidi, kapena pa mabulashi otha. Pomaliza ankayendetsa chikhatho pa mfundo zonse za mawaya aakulu, podziwa kuti pamene moto ukupanikizika pamafunda.

Ndinaziona ndi maso anga ndili mnyamata. Amalume anga anali ndi Land Rover yakale imene inkalira bwino masiku asanu, tsiku lachisanu ndi chimodzi nkumazungulira ngati nkhalamba yodzuka pamphasa. Anagula batire latsopano, nthenda inabwerera. Anapereka sitata kuti aimasule, inabwereranso. Ndipo azakhali anayamba kunong'ona kuti mwina pali munthu wakumudzi amene sakondwera nayo. Potsiriza tinapita kwa nkhalamba ina ya ku Ndirande, ya ovolosi yong'ambika pabondo, imene inamvetsera nkhani yonse maso ali pansi, kenaka niti, "Pepani bambo, kodi tsiku limene ikukanalo, simumvako kafungo kachilendo m'katimo?" Amalume anaganiza, nati inde, kafungo ngati ka mphira wopsa, ndiponso tsiku lina kachingwe ka choko kanawatentha chala. Nkhalamba ija sinayankhe. Inangogona chagada pa katoni, nilowa pansi pa galimoto, ndipo patapita kanthawi inandiitana: "Iwe mwana, tabwera udzaone mfiti ya amalume ako." Chimene inandisonyeza chinali lamba wa mkuwa wolukidwa ngati nkhata, womangirira injini kuthupi la galimoto, kunja ankaoneka wamoyo, koma pamene anapindika ulusi wake unali utaduka wonse kupatula tingapo, ndipo pansi pa bawuti panali dzimbiri lobiriwira. Injini imakhala pa mphira, choncho moto wa sitata, umene umaposa ma amp 100, ulibe njira ina yobwerera kubatire koma lambayo. Ndipo tsiku limene kugwedezeka kwa msewu kwalekanitsa timaulusi totsalato, motowo unkafunafuna pothawira, nudzera m'kachingwe ka choko, nukawotcha. Anapala chitsulo ndi sandipepala kufikira chitawala, namanga lamba wina wochotsa ku galimoto yakufa, napakapo girisi. Malipiro ake sanafike ngakhale pa chakhumi cha mtengo wa batire lija, ndipo amalume, pochita manyazi, anawonjezapo nkhuku.

Matenda ena ankatsata nyengo monga chifuwa cha mphumu. Chivundikiro cha disitibiyuta chikakhala ndi mng'alu wosaoneka ndi maso, galimoto inkayenda bwino masana onse, koma m'mawa wa mame ku Zomba kapena ku Dedza moto unkatsata chinyontho m'malo mopita kumapulagi. Ndipo amisiri ankadikira usiku, naliza injini mumdima, kuti aone timoto tabuluu tikuvina pamene sitiyenera. Koyilo ndi kondensa zinali ndi khalidwe lotsutsana nalo: zikazizira zinkagwira ntchito mokhulupirika, zikatentha nkufooka, kotero kuti galimoto inkafa itakwera chitunda, mwini wake nkukhala pamthunzi theka la ola akudandaula, kenaka nkulira yokha popanda woikhudza. Mmisiri wokayikira koyilo ankayendetsa galimotoyo kufikira itafa, nakulunga koyiloyo ndi nsanza yonyowa. Ikadzuka msanga, mlandu watha. Mapointi nawo, timilomo tiwiri totseguka ndi kutseka kambirimbiri pa mphindi imodzi, ankapsa ndi kusendera pafupi, ndipo pa madisitibiyuta ambiri a Lucas mpata wake unkayenera kukhala 0.015 ya inchi, umene osowa choyezera ankauyesa ndi kachikatoni kopyapyala ka paketi ya ndudu. Za pampu ya petulo yamagetsi ya Morris Minor, imene inkagona tulo panjira ndi kudzuka ikagogodedwa ndi sipanala, sindinena zambiri, chifukwa aliyense amene anakwerapo galimotoyo akukumbukira kugogodako. Koma choipa koposa zonse chinali waya woduka m'kati chikopa chake chili chamoyo, umene unkagwira ukawongoka ndi kusiya ukapindika. Umenewu unkapezeka pokhapokha munthu atayatsa babu lake ndi kugwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, chikhatho ndi chikhatho, maso ali pa babulo kuti aone pamene liphethire. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Zaka zinasintha zipangizo. Alutaneta, imene Chrysler inayamba kuika pa magalimoto wamba m'chaka cha 1960, inalowa m'malo mwa dayinamo. Peugeot 404 ndi 504, Datsun ndi Toyota zinadzaza misewu yathu. Mapointi anayamba kutha m'zaka za m'ma 1970, kabokosi kotsekedwa kosamasulika katatenga ntchito yawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anatisefukira magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, odzera ku Dar es Salaam ndi ku Durban, okhala ndi kompyuta m'mimba mwawo ndi kabowo kolumikizirapo makina owerengera zovuta, kamene ku America kanakhala lamulo m'chaka cha 1996. Ambiri anayesa kuti ntchito ya amisiri akale aja yafika pamapeto, ndipo m'zinthu zina anayesa bwino, pakuti makinawo amanena m'kamphindi chimene kale chinkadya tsiku. Koma makina amangonena chiwalo chimene chadandaula, osati chifukwa chake chadandaulira. Akanena kuti sensa yakuti siikumveka, sanena ngati yafa ndi sensayo, kapena waya wake wakhuzika pachitsulo, kapena ethi yake yachita dzimbiri, ndipo eni magalimoto ambiri lero akugula masensa monga amalume anagulira batire.

Tsopano magalimoto a ku Japan aja nawonso akalamba, ena apitirira zaka 25. Chaka chatha ndinaima pagalaja ina ku Biwi mu Lilongwe, pamene anabweretsa Toyota Corolla imene inkazima ikatentha ndi kukana kulira kufikira itapuma, ndipo makina atalumikizidwa sanapezemo mlandu uliwonse. Mnyamata wa pamenepo, amene sanaonepo mapointi chibadwire, anafunsa mayi mwini wake mafunso atatu kapena anayi, naisiya galimotoyo ikulira padzuwa boneti ili yotseka, iye nakhala pa tayala kudya chinangwa chake. Itazima, ananyamuka mosafulumira, natenga botolo la madzi, nathira pang'ono pa sensa ya pafupi ndi pule ya injini, nati, "Mayi, talizani tsopano." Inalira.