Mmene ufumu wa Protista unamangidwira ndi kuphwasuka

Mu 1674, Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft, anaika dontho la madzi pa kagalasi komwe anasula yekha n'kuonamo tamoyo tikusambira. Mu 1681 anaona kena m'chimbudzi chake atatsegula m'mimba, komwe lero timati Giardia. Vuto linali loti akatswiri ankagawa zamoyo pawiri basi, nyama ndi zomera, pomwe tina mwa timeneti timasambira ngati nyama koma tili tobiriwira ngati tsamba. Mu 1866 Ernst Haeckel anapatsa tamoyoti ufumu wakewake, Protista, ndipo mu 1969 Robert Whittaker anausunga pa maufumu asanu omwe mabuku a kusekondale amaphunzitsabe. Kunena zoona, ufumuwu unali dengu loponyamo zotsala: kamoyo kalikonse kokhala ndi nyukiliyasi m'selo, koma kosakhala nyama, chomera kapena bowa, kankagwera mmenemo.

Madokotala ndiwo anadzaza dengulo mwachangu. Mu 1880 Alphonse Laveran anapeza kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria. Mu 1910, ku Liverpool, John Stephens ndi Harold Fantham anafotokoza kachilombo ka kaodzera kochokera m'magazi a munthu yemwe anatengera matendawa m'chigwa cha Luangwa, ndipo mpaka lero dzina lake, Trypanosoma brucei rhodesiense, limakumbutsa dzina lachitsamunda la dziko lomwe kuli chigwachi. Tonseti tinkaonedwa ngati ta mtundu umodzi chifukwa tili ndi selo imodzi.

Kufufuza kwa DNA n'komwe kunaphwasula ufumuwu. Kunapezeka kuti Trypanosoma ndi wachibale wa Euglena, kamoyo kobiriwira ka m'zithaphwi, ndipo alibe ubale wapafupi ndi Plasmodium wa malungo. Chodabwitsa kwambiri chinatsimikizika mu 1996: mkati mwa Plasmodium muli kachiwalo kotchedwa apicoplast, kotsalira ka ndere yomwe makolo ake anaimeza kalekale. Sikapanganso chakudya ndi dzuwa, koma kachilomboko sikangakhale ndi moyo popanda iko, ndipo mankhwala a doxycycline amagunda pomwepo. Lero akatswiri sauonanso Protista ngati ufumu. Amamwaza tamoyoti m'nthambi zingapo zikuluzikulu, tina pafupi ndi zomera, tina pafupi ndi ife anthu.

Wina anganene kuti mayi yemwe ali pamzere pa kiliniki ku Kabwata kapena ku Chelstone mu Lusaka, mwana akutsegula m'mimba kumbuyo, alibe nazo ntchito zimenezi. Iye akufuna mankhwala. N'zoona, koma mankhwalawo amasankhidwa potengera mtundu wa kachilombo. Flagyl, yomwe ambiri amathamangira kukagula m'mimba mukangobwadamuka, imapha Giardia ndi amiba, koma siigwira Cryptosporidium, yemwe ndi wachibale wa kachilombo ka malungo. Wotsutsa angapitirize kuti ngati ubale uli wofunika chotere, bwanji mankhwala ogunda apicoplast sapha Cryptosporidium? Yankho likuchokera ku kafukufuku yemweyo: kachilomboka kanataya kachiwalo kameneka. Ubale umalozera kofufuza, suchiritsa wokha. N'chifukwa chake panafunika kuyesa mankhwala ena pa University Teaching Hospital mu Lusaka, pomwe Dr Beatrice Amadi ndi anzake anaonetsa mu 2002 kuti nitazoxanide amathandiza ana opanda HIV, koma sanathandize ana omwe anali nayo.

Nkhaniyi imafikanso ku madzi akumwa. Mzinda wa Lusaka unakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, moti zonyansa za m'zimbudzi zokumba ndi m'matanki a suweji zimatsikira msanga ku madzi apansi, ndipo mpanda wautali wa ku Woodlands kapena ku Kabulonga suteteza mjigo. Kolera anatiphunzitsa kuthira klorini, ndipo n'koyenera, chifukwa kolera ndi bakiteriya yemwe klorini amamupha. Koma Cryptosporidium amadzikuta m'kachigoba kolimba komwe klorini wa mlingo wa madzi akumwa salowamo. Kumene kuli ana aang'ono kapena munthu yemwe chitetezo cha m'thupi chatsika, madziwo afunika kuwiritsa.