MSIKA WA AKAVALO UMENE SUNAFIKE KU KAPONDO

Munthu woyenda ku Kapondo, m'boma la Mchinji, adzaona ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, njinga zosenza matumba a mtedza, mwinanso bulu. Kavalo sadzamuona. Ngakhale dzina lenilenilo ndi lobwereka: "kavalo" tidatenga kwa Apwitikizi. Nanga bwanji nyama imene idalemeretsa mitundu ina sidapeze khola kwathu kuno?

Yankho loyamba ndi matenda. Kashembe amafalitsa nthenda yopha ziweto, imene David Bruce adaifufuza ku Ubombo, m'dziko la Azulu, mu 1895. Palinso mliri wa akavalo wofala ndi tizilombo tating'onoting'ono toluma madzulo ndi usiku. Ku Cape, kumene azungu adayamba kubweretsa akavalo kuchokera ku Java mu 1653, mliriwu udapha akavalo pafupifupi 70,000 m'zaka za 1854 ndi 1855. Kavalo amene adadwala nachira ankagulidwa pa mtengo wokwera zedi, poti ogula ankadziwa kuti sangafe msanga. Mu Nyasaland akavalo adali owerengeka, ndipo bwanamkubwa ndi bwana D.C. ankayenda pa machila. Kavalo wa mzungu kuno adali phewa la agogo athu.

Koma amuna a ku Mchinji amene adapita ku Joni pa Wenela adakumana m'migodi ndi Abasutu, anthu a kumapiri ozizira kumene matendawa savuta. Mbiri ya anthu amenewa ndiyo iyenera kutidzutsa.

Abasutu adayamba kukhala ndi akavalo cha m'ma 1830, m'nthawi ya mfumu Moshoeshoe. Ena ankalanda kwa Akora ndi Agriqua amene ankawathira nkhondo, ena ankagula ndi ng'ombe, ena ankalandira ngati malipiro a ntchito m'mafamu a Mabunu. Popita zaka adaweta mtundu wawowawo: kavalo wamfupi, wa ziboda zolimba, wopirira njala ndi chisanu. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, asilikali adafuna akavalo zikwizikwi, ndipo mitengo idakwera. Abasutu adagulitsa. Ogula sankafuna nyama zofooka. Ankasankha zabwino zokhazokha. Nkhondo itatha, ndalama zidatha, ndipo m'makola mudatsala zopanda pake zoti nkubereketsa. Mtundu udalowa pansi. Boma la atsamunda lidayesa kuukonza pobweretsa amphongo a Chiarabu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 dziko la Ireland lidathandiza Lesotho kuyambanso ntchito yobereketsa, khola lalikulu likukhala ku Thaba-Tseka. Chimene chidagulitsidwa pa zaka zitatu chidatenga mibadwo kuti chibwerere.

Kwathu nkhani yotere idagwa pa ng'ombe, ndipo idabwera ndi mfuti. Angoni a Mpezeni, amene dziko lawo lidafika mbali zonse za malire a lero a Mchinji ndi Chipata, adali ndi ng'ombe zosawerengeka. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera mu Nyasaland adawagonjetsa. Nsingo, mwana wa Mpezeni, adawomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zidatengedwa. Boma la Mchinji lidakhala zaka zambiri likutchedwa Fort Manning, dzina la linga la asilikali a masiku amenewo. Chidapweteka sichidali kusowa nyama yakudya ayi, koma kuchoka kwa nkhunzi ndi zazikazi zimene zikadadzazanso makola, kulipira malowolo ndi kuthetsa milandu.

Abasutu adatsegula okha chipata cha khola, Angoni adachita kuthyoleredwa, koma mapeto adafanana. Chuma cha mweti si nyama imene ili m'khola lero, koma mimba ya yaikazi ndi mphamvu ya yamphongo.

Phunziroli silidathe ntchito. Mwezi wa Januwale kapena Febuluwale nkhokwe ikagona, feteleza akufunika, fizi ya mwana ikudikira, ogula ng'ombe amafika pakhomo, ndipo maso awo amagwera pa msoti wonenepa ndi nkhunzi ya linunda lalikulu. Njala siimva mbiri, tikudziwa. Komabe mlimi wa ku Kapondo, ngati kugulitsa kwafika, ayambe ndi yofula kapena yokalamba. Msoti ausiye m'khola.