Kusankha doko losungirapo boti pa nyanja ya Chilwa

Munthu amene wagula boti kapena bwato kuti azisodza, kapena kuti aziwolotsa anthu ndi katundu pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi m'boma la Zomba, amakumana ndi funso lomwe ambiri amaliganizira mochedwa: kodi botilo lizikocheza kuti, nanga usiku lizigona m'manja mwa yani? M'maiko ena eni maboti amalowa m'makalabu omwe amakhala ndi njira yakonkire yotsetserekera m'madzi, mpanda, mlonda ndi malo oimikapo galimoto. Pa nyanja ya Chilwa ntchito yonseyi imagwiridwa ndi doko pamodzi ndi komiti yake. Chovuta n'chakuti gombe la Chilwa limasuntha chaka ndi chaka, moti doko lomwe lili labwino mu Epulo likhoza kusanduka bwalo la matope pofika Novembala. Choncho doko liyenera kuyesedwa ndi momwe limakhalira m'mwezi wake woipitsitsa, komanso ndi khalidwe la anthu amene amaliyendetsa.

Chifukwa chake gombe limasuntha

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno ndipo imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, pomwe kum'mawa kwake kuli malire ndi dziko la Mozambique. Madzi ake amachokera ku mvula ndi ku mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani. Palibe mtsinje womwe umatuluka m'nyanjayi. Madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi. Malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, ndipo pansi pake mposalala. Ichi ndicho chifukwa chake madzi akatsika pang'ono chabe, gombe limathawira kutali kwambiri.

Mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana, nyanjayi imaphwa. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, idachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idauma moti maboti adangotsala pa dothi long'aluka ku Kachulu, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi, panjinga zakapalasa ndi zamoto. Mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019 idabwezeretsa madzi, ndipo namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 madzi adakwera mpaka kulowa m'malo omwe anthu adali atamangamo. Mwini boti ayenera kukumbukira mbali zonse ziwiri: madzi amathawa doko, komanso amatha kulimiza.

Njira yolowera ndi kutulukira m'madzi

Funso loyamba kufunsa pa doko lililonse, kaya ndi Kachulu, Mchenga, Mposa ku Machinga kapena Swang'oma ku Phalombe, ndi lakuti: mu Okutobala ndi Novembala madzi amafika pati? Oyankha bwino funsoli ndi asodzi achikulire ndi amayi ogula nsomba omwe akhala pamalopo zaka zambiri. Apempheni akuonetseni pomwe maboti ankaima chaka chatha, ndi pomwe ankaima m'chaka chouma, kenaka muyende nokha mtundawo. Mtunda womwewo ndi womwe mudzanyamule injini, mafuta, maukonde ndi madengu a nsomba tsiku ndi tsiku, kapena kulipira anyamata oti akunyamulireni. Safunsa adadya phula.

Madoko ena amadalira ngalande zomwe anthu amakumba ndi manja kuchokera kumtunda kukafika pomwe pali madzi ambiri. Pomwe pali ngalande, fufuzani kuti amaisamalira ndani, amaichotsa matope kangati, ndipo ndi yotakasuka mokwanira kuti maboti awiri apatukirane kapena ayi. Ngalande yopapatiza imachedwetsa aliyense m'mawa pomwe maboti amabwera nthawi imodzi, ndipo matemba akachedwa padzuwa mtengo wake umatsika. Onaninso njira yodutsa mu njedza ndi bango zomwe zazinga mbali zambiri za nyanjayi. Mphepo imatha kukankha zidutswa za udzu woyandama n'kutseka njira yomwe dzulo idali yotseguka, ndiye doko labwino limakhala ndi mgwirizano wa momwe eni maboti amathandizirana kuitsegula.

Dothi la pagombe nalo ndi lofunika. Pomwe pali mchenga kapena dothi lolimba, boti limakokedwa mosavuta ndipo anthu amakwera osamira miyendo. Pomwe pali thope lakuda lomata, pamafunika anthu ambiri okankha, ndipo odwala, amayi oyembekezera ndi okalamba amavutika kukwera. Doko loyenera bwato laling'ono silingayenere boti lamatabwa lonyamula matumba a mpunga kapena a chimanga, chifukwa boti lolemedwa limamira kwambiri kunsi kwake ndipo limakhudza pansi msanga.

Mwini injini ali ndi chifukwa china chosamalira. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi omwe imakoka m'nyanja momwemo. Ikayendetsedwa m'madzi osaya, imakoka matope ndi zinyalala, timabowo tolowera madzi timatsekeka, injini n'kutentha. Pulopela nayo imakola udzu ndi zidutswa za maukonde otayidwa. Ngati doko lili ndi mtunda wautali wa madzi osaya, muwerengeretu kuti pamenepo muzidzazimitsa injini n'kumakankha boti ndi nsungwi, ndipo nthawi ndi mphamvu zimenezo ndi mbali ya mtengo wa dokolo.

Chomaliza pa mbali iyi ndi mphepo. Mwera umawomba kwambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndipo pa nyanja yosaya mafunde amadzuka mwamsanga. Maboti omangidwa moyandikana pamalo opanda chotchinga amagundana usiku wonse mpaka matabwa kumasuka. Doko lotchingidwa ndi njedza kapena ndi phiri, monga momwe mbali zina za Chisi zilili, limasunga boti nthawi yaitali.

Msewu wa kumtunda

Doko silithera m'madzi. Kachulu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, ndipo ndi khomo lalikulu la anthu a pa Chisi popita kumsika, kumaofesi a boma ndi ku chipatala chachikulu cha Zomba. Ubwino wake ndi woti pamapezeka ogula nsomba ambiri, matola, akabaza, mafuta ndi amisiri okonza maboti. Madoko ang'onoang'ono amakhala ndi bata komanso mpikisano wochepa, koma ogula akalephera kufikako, nsomba mumagulitsa pa mtengo womwe wogula mmodzi yekhayo wanena.

Walira mvula walira matope: miyezi yomwe madzi ali pafupi ndi doko ndi yomwenso misewu yadothi ya m'chigwa cha Chilwa imaterera ndi kuduka. Funsani ngati galimoto zimafika pa dokolo mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo zikalephera zimaima pati. Onaninso ngati malo oimikapo galimoto ndi njinga ali pokwera, poti madzi akasefukira sangafikepo msanga.

Chitetezo cha boti, injini ndi njinga

Pa zonse zomwe msodzi ali nazo, injini ndi maukonde ndizo zimakopa akuba, chifukwa zimanyamulika ndipo zimagulitsika msanga kutsidya lina la nyanja. Mpanda si wofala m'madoko a Chilwa, ndiye chitetezo chenicheni ndi maso a anthu. Fufuzani ngati pali mlonda wausiku, amene amamulemba ntchito ndi kumulipira, komanso zomwe zimachitika katundu akasowa iye ali pantchito. Funsani za katundu amene adasowapo posachedwa ndi momwe nkhaniyo idathera. Doko lomwe anthu ake amafotokoza momasuka kuti chidabedwa n'chiyani, adakanena kuti, ndipo chidapezeka kapena ayi, ndi lodalirika kuposa lomwe aliyense amangoti kuno kulibe akuba.

Pali zina zomwe mwini boti ayenera kuchita yekha pa doko lililonse. Injini ndi thanki ya mafuta zisagone m'boti. Zichotsedwe n'kusungidwa m'nyumba yokhoma. Nambala ya injini ilembedwe m'buku ndi kujambulidwa pafoni, ndipo lisiti yogulira isungidwe pouma, chifukwa popanda zimenezi n'kovuta kutsimikizira apolisi kuti injini yomwe yapezeka ndi yanu. Boti lilembedwe dzina ndi penti, komanso likhale ndi chizindikiro china chobisika chomwe mukuchidziwa inu nokha. Limangidwe ndi tcheni ndi loko ku chikhomo chozikika bwino, popeza chingwe chimadulidwa ndi mpeni. Maukonde akhale ndi zizindikiro pa zoyandamitsa zake.

Anthu ambiri opita ku Chisi kapena kukakhala masiku angapo pa zimbowera, timisasa toyandama tomwe asodzi amamanga pa udzu m'kati mwa nyanja, amasiya njinga zawo kumtunda. Musasiye njinga kwa munthu amene mwangokumana naye pa doko. Sankhani wosunga wodziwika kwa komiti ndi kwa amfumu, amene amalemba m'kaundula dzina la mwini, mtundu wa njinga, nambala yake ndi tsiku, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke. Mgwirizanowo unenenso amene ali ndi chilolezo chodzatenga njingayo inu mukachedwa.

Komiti ndi malamulo

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma lidayamba kuyendetsa usodzi mogwirizana ndi asodzi eni ake, ndipo lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la 1997 lidapereka maziko a ntchitoyi. Pa Chilwa makomiti a m'magombe, omwe amadziwika kuti ma BVC, adayamba kukhazikika nyanja itaphwa mu 1995. Makomitiwa amagwira ntchito ndi mafumu ndi alangizi a zausodzi. Mlendo wofuna kukhazikika pa doko ayambe wadzionetsa kwa iwo. Pa Chisi, lomwe ndi dera la mfumu yaikulu Mkumbira, ulemu umenewu ndi womwe umatsegula njira ya zina zonse.

Komiti yabwino imadziwika ndi zinthu zooneka: kaundula wa maboti ndi zida, misonkhano yomwe mamembala amamva momwe ndalama zayendera, ndi malamulo omwe amagwira aliyense mofanana. Komiti yomwe imalekerera usodzi wa masikito kapena kukoka makoka m'nyengo yotseka nyanja, yomwe imayamba mu Disembala kuti matemba, makumba ndi milamba ziswane, idzalekereranso wakuba. Kumanga boti pa doko lotere kumaika pachiswe ngakhale zida zanu zovomerezeka tsiku lomwe akuluakulu a zausodzi adzabwere kudzalanda zoletsedwa.

Zida zosodzera zimafuna chiphaso cha Dipatimenti ya Zausodzi. Boti lonyamula anthu limakhudzidwanso ndi malamulo a zamaulendo a pamadzi, omwe amayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Marine Services. Doko lomwe limawerenga anthu okwera, kukana kulongeza mopitirira muyeso ndi kulimbikira kuti majekete odzitetezera pamadzi avalidwe, limateteza moyo wa okwera pamodzi ndi chuma cha mwini boti.

Pa nkhani ya ndalama, funsani zonse zolipira musanamange boti: yolowera, ya mlonda, yokonzera ngalande, ndi msonkho wa pamsika. Dziwani yomwe imapita ku komiti ndi yomwe imapita ku khonsolo, ndipo pa ndalama iliyonse mulandire lisiti. Funsaninso ngati mudzapitirize kulipira m'miyezi yomwe madzi athawa ndipo mwasamutsira boti kwina.

Ukhondo ndi kusunga boti nthawi yaitali

Matenda a kolera akhala akubuka m'madera a nyanjayi, moti mu 2016 padachitika kampeni ya katemera yomwe idafikira ngakhale asodzi a pa zimbowera. Likodzo nalo ndi lofala kwa anthu amene amakhalitsa m'madzi osayenda a m'mphepete. Doko lokhala ndi zimbudzi zogwiritsidwa ntchito, mjigo wapafupi ndi malo okwerera boti popanda kuyenda mtunda wautali m'madzi limachepetsa masiku omwe antchito anu angagone kuchipatala.

Ganiziraninso za nthawi yomwe boti lidzaime osagwira ntchito, kaya m'nyengo yotseka kapena m'chaka chouma. Boti lamatabwa likakhala padzuwa pa dothi louma, matabwa amafota n'kusiya mipata, ndipo lisanabwerere m'madzi limafuna kumatidwa ndi phula mwatsopano. Doko lomwe lili ndi mthunzi kapena malo oti boti liikidwe pa mitengo n'kufundidwa ndi udzu, komanso mmisiri wapafupi, limapulumutsa ndalama zambiri.

Kwa okhala pa Chisi

Mwini boti wa pa chilumbachi amasankha madoko awiri nthawi imodzi: la kwawo ndi la kumtunda. Ulendo umatheka pokhapokha onse awiri akufikika, ndiye doko lomwe madzi amayamba kuthawa ndilo limalamula kuti chaka cha ntchito chitha liti. Nyengo yovuta kwambiri ndi yapakati, pomwe madzi achepa moti boti silingayandame koma matope sadaume moti njinga n'kudutsa. Ndi bwino kudziwikiratu kwa komiti ya doko lina lomwe madzi amakhalitsa, ndi kulembetsa dzina kumeneko madzi asadayambe kutsika, chifukwa akatsika aliyense amathamangira komweko ndipo malo abwino amayamba atha.

Amene ali ndi mpata akaone doko kawiri asanasankhe, kumapeto kwa dzinja ndi kumapeto kwa chilimwe, ndipo ulendo umodzi agoneko kuti aone momwe usiku umakhalira: ngati mlonda amazunguliradi, ngati pamakhala kuwala, ndi anthu amene amayendayenda pakati pa maboti ena onse atagona.