Mmene makompyuta anaphunzirira kupatsirana ntchito

M'chaka cha 2002 makampani a IBM, Microsoft ndi BEA Systems anagwirizana kutulutsa chilankhulo cha makompyuta chotchedwa BPEL4WS. IBM inali ndi chake, WSFL, Microsoft nayo inali ndi XLANG, ndipo ziwirizi anaziphatikiza. Panthawiyo mapulogalamu anali atayamba kale kutumizirana mauthenga pa intaneti kudzera mu njira yotchedwa SOAP. Chimene chinkasowa ndi kapitawo: wonena kuti uyu ayambe, uyo adikire, winayo alowe mnzake akamaliza. Bungwe la OASIS linavomereza chilankhulochi mu 2007 pa dzina la WS-BPEL 2.0.

Amalonda anachikonda chifukwa banki ikafuna kusintha kaperekedwe ka ngongole, sinkafunikanso kugumula pulogalamu yonse. Inkangosintha ndondomeko ya amene ayambe ndi amene atsatire.

Koma mbali imene ine ndimaiona yofunika kwambiri ndi yakale kuposa pamenepo. Mu 1987 Hector Garcia-Molina ndi Kenneth Salem a ku yunivesite ya Princeton analemba za njira yomwe anaitcha saga. Funso lawo linali lakuti: ntchito yaitali ikafera pakati, titani? Anati gawo lililonse likhale ndi linzake lolibweza. Tikiti ya ndege ikagulidwa koma malo ogona n'kusowa, makinawo abweze okha tikitiyo. BPEL inatengera nzeru imeneyi.

Ife kuno timakumana ndi vuto lotere tsiku ndi tsiku. Airtel Money inayamba m'Malawi mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo mu 2015 National Switch inalumikiza mabanki. Mayi akamagula mayunitsi a magetsi pa foni usiku, kompyuta ina imadula ndalama, ina imatulutsa manambala 20 aja, inanso imatumiza uthenga. Imodzi ikangozima panjira, ndalama zapita koma m'nyumba muli mdima. Pamenepo m'pamene zimaoneka ngati okonza makinawo anaganizira za kubweza kapena anangoganizira za kulandira.

BPEL yokha inachepa mphamvu. Inkalembedwa mu XML, yotalika ndi yotopetsa kuwerenga, ndipo ambiri anathawira ku njira ina yotchedwa REST, imene Roy Fielding anafotokoza mu 2000. Pofika 2014 James Lewis ndi Martin Fowler ankalemba za microservices, timapulogalamu ting'onoting'ono togwira ntchito imodzi kalikonse. Mu 2016 Netflix inatulutsa Conductor yoyendetsera timapulogalamu totere, Amazon nayo inatulutsa Step Functions chaka chomwecho.