Khirisimasi ya ana a machona ku Rimuka

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Anadzera ku Tete, nawoloka Zambezi, n'kukafika ku Gatooma, tauni imene kuyambira 1982 imatchedwa Kadoma. Ntchito anaipeza pa mgodi wa golide wa Cam and Motor ku Eiffel Flats. Ankati akangogula njinga ndi makina osokera abwerera kumudzi, koma zaka zinatha mpaka anatchona. Mgodiwo utatsekedwa mu 1968, banja lathu linasamukira m'komboni ya Rimuka, ndipo ine ndinakulira momwemo.

Agogowo sanali okha. Migodi ya Dalny ku Chakari, Golden Valley ndi Patchway, mafamu ozungulira Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu, komanso mafakitale a nsalu a David Whitehead, zinakoka anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete. Ena anabwera ndi Mthandizi, ena pa malole a Ulere, ena wapansi. Anthuwa anabwera ndi mapemphero awo. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury kudzatumikira antchito ochokera ku Nyasaland, ndipo ntchitoyo inakula mpaka mu 1965 kukhala sinodi ya CCAP, yomwe lero ndi Sinodi ya Harare. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndilo linali buku lokhalo m'nyumba zambiri za machona, kuphatikizapo yathu.

Kwa wantchito wa pamgodi, Khirisimasi inali mpumulo wosowa. Ng'oma zinkalira kuyambira m'mawa. Gule wamkulu, amene eni dziko amati zvigure, ankatuluka, a beni nawonso ankaguba, mowa uli mbwee. Ife ana mtima unkakhala pa malaya atsopano, buledi wopaka jamu ndi mpunga wa nkhuku. Agogo sankatiletsa zimenezi. Lamulo lawo linali limodzi: mwana asalawe mpunga asanasewere nkhani ya kubadwa kwa Yesu kutchalitchi.

Agogo anali mkulu wa mpingo, ndipo sewero la ana a Sande sukulu ankaliyendetsa ndi iwo. Tinkayamba kukonzekera mvula yoyamba ikagwa. Abusa a nkhosa ankafunda masaka, angelo ankavala mashiti a pabedi a amayi a Chigwirizano, ndipo khandalo linali chidole chogonekedwa m'bokosi la sopo. Mawu onse anali a m'Chinyanja, nyimbo tinkazitenga m'buku la Nyimbo za Mulungu.

M'mipingo ina sewero linkathera pa anzeru a kum'mawa ndi mphatso zawo. Kwathu ayi. Agogo ankaumirira kuti Yosefe ndi Mariya anyamule mwana usiku, mtolo pamutu, azungulire tchalitchi chonse mpaka kukhomo, kumene tinkati ndi ku Aigupto. Chaka china, ine ndili Yosefe, ndinadandaula kuti chigawo chimenechi chikutichedwetsa kukadya. Anandiyang'ana nati, “Mdzukulu wanga, Mwana uyu anabadwira kutali ndi kwawo chifukwa boma linalamula kalembera. Malo ogona anamukaniza. Asanayambe kuyenda anali kale mlendo m'dziko la eni. Ukachotsa chigawo chimenechi wachotsa ife.”

Sindinawamvetse nthawi imeneyo. Ndinadzawamvetsa atamwalira kale. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri a ife obadwira kuno kwa makolo ochokera kunja tinapezeka kuti sitili nzika. Chitupa changa chinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo. Pa chisankho cha 2002 ndinaima pamzere kuyambira m'bandakucha, n'kubwezedwa osavota. Ku Malawi ndinali ndisanapondeko, ndipo kumeneko dzina langa silinkapezeka m'kaundula aliyense. Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinaona ana akuzungulira tchalitchi ndi mtolo pamutu, misozi n'kungotsika yokha. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, koma zaka za pakatipo zinandiphunzitsa zimene agogo ankanena.

Lero sewerolo lili m'manja mwanga. Ana a ku Rimuka tsopano amalankhula Chishona kunyumba ndi Chingelezi kusukulu. Chichewa ambiri amangochimva pamaliro ndi m'nyimbo. Makolo ena amandipempha kuti sewero lonse likhale m'Chishona kuti ana amve bwino, ndipo akunena zoona, chifukwa uthenga wosamveka sulowa mumtima. Choncho ndimawafotokozera nkhani yonse m'Chishona, tili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mpaka aliyense atha kuibwereza yekha. Kenaka mawu a mngelo, a abusa ndi a Yosefe timawaloweza m'Chichewa, pang'onopang'ono, lilime likupunthwa, agogo aakazi okhala kumbuyo akuwongolera.

Chaka chathachi mdzukulu wanga wa zaka 7 ndiye anali Mariya. Titafika pakhomo paja, anatula mtolo n'kundifunsa, “Agogo, kodi ku Aigupto anabwerako?” Ndinati inde, Herode atafa anabwerera, nakakhala ku Nazarete. Iye anati, “Nanga agogo anu aja bwanji sanabwerere?” Ndinamuuza kuti anagona kumanda a konkuno ku Rimuka, ndipo kuti Mwana amene wamunyamulayo amadziwa njira ya ku Dedza ndi ya ku Kadoma yomwe. Anaganiza pang'ono, nasenzanso mtolo wake. Titaweruka tinapita kunyumba, ndipo mpunga anayamba kugawiridwa ndi iye.